Oyilo wa m'giyabokosi ndi m'difu ya Subaru WRX: kasankhidwe ndi kasinthidwe kake

Ambiri amene tili ndi galimoto zaliwiro timasamala kwambiri za oyilo wa mu injini. Dzina lake timalidziwa, makilomita amene tidamuthirira timawakumbukira, ena mpaka amamata kapepala pagalasi. Koma mukafunsa kuti m'giyabokosi muli oyilo wanji, yankho limakhala lakuti "ndi yemwe idabwera naye ku Japan". Galimoto yoti idapangidwa mu 2003, idayenda zaka zambiri kwawoko, idatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, lero mwini wake akuikoka mwamphamvu pachitunda chilichonse, koma oyilo wa magiya akadali yemwe uja. Zimandipweteka, chifukwa giyabokosi ya WRX ikagwa mtengo wake umaposa malita a oyilo amene ikadamwa moyo wake wonse.

Ndikamba za Subaru Impreza WRX ndi WRX STI za giya ya pamanja, zija zodziwika ndi makodi a GC8, GDA, GDB ndi GRB, popeza kamangidwe kake kamasokoneza ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Amene muli ndi galimoto zina mutolamo zanu.

Choyamba: dziwani zimene zili m'kati mwa chitsulocho

Musanafunse dzina la oyilo, mvetsani kuti m'magiya a galimoto muli zinthu zitatu zimene zimafuna zosiyana, ndipo nthawi zina zofuna zake zimalimbana.

Chinthu choyamba ndi ma synchro. Timeneti ndi timikombero, kawirikawiri tamkuwa, timene timagwira giya imene mukufuna kulowa kuti liwiro lake lifanane ndi la shafuti mano asanalumane. Synchro imagwira ntchito ngati kabuleki kakang'ono. Imafinya oyilo kuti achoke pakati, kenako imagwira chitsulo. Oyilo akakhala woterera mopitirira, synchro imangotsetsereka, nthawi yolowa giya imakwana liwiro lisanafanane, ndiye mumamva kuti kwerere! polowa giya yachiwiri kapena yachitatu.

Chachiwiri ndi crown ndi pinion za m'difu, chitsulo chimene chimagawa mphamvu ya injini ku matayala: crown ndi giya yaikulu, pinion ndi yaing'ono imene imaizunguza. M'galimoto zambiri magiya awiriwa ndi amtundu wa hypoid, kutanthauza kuti pinion imakumana ndi crown osati pakatikati penipeni koma chapambali pang'ono. Chifukwa cha ichi mano ake sangokankhana ayi, amakhulananso uku akukankhana. Mphamvu yapamenepo ndi yaikulu moti oyilo wamba amafinyika n'kuthawa, chitsulo n'kukhudza chitsulo chinzake. N'chifukwa chake oyilo wa m'difu amaikamo mankhwala a sulufule ndi fosifolasi. Pakatentha, mankhwalawa amapanga kachikopa kopyapyala pamwamba pa dzino lililonse, ndipo kachikopako ndi kamene kamaperepeseka m'malo mwa chitsulo. Fungo lija longa la mazira owola limene limakakamira m'zovala mukagwira oyilo wa magiya ndi la sulufule ameneyu.

Chachitatu ndi mapuleti a LSD, difu ija imene imaletsa tayala limodzi kuzungulira lokha pamene linzake laima. Za izi ndikamba pamalo pake.

M'galimoto yoyendetsa matayala akumbuyo okha, monga Toyota 86 ndi mbale wake Subaru BRZ, ma synchro ali m'nyumba yawo ndipo hypoid ili m'nyumba yake kumbuyo. Aliyense amamwa zake: buku lake limanena GL-3 75W-90 m'giyabokosi ndi GL-5 75W-85 m'difu (za zilembo ndi manambalawa ndikamba m'munsimu). Koma mu WRX ndi STI za giya ya pamanja, difu yakutsogolo ili m'kati mwa giyabokosi momwemo, ndipo ma synchro ndi hypoid amasambira m'dziwe limodzi. Pamenepa ndi pagona nkhani yonse.

Chachiwiri: werengani zilembo za GL pabotolo

Bungwe la American Petroleum Institute, lodziwika kuti API, ndi limene lidagawa oyilo wa magiya m'magulu a GL. Awiri amene mukumane nawo m'sitolo ndi GL-4 ndi GL-5. GL-5 ali ndi mankhwala ambiri oteteza mano ndipo adamupangira hypoid. GL-4 ali ndi ocheperapo, ndipo amagwirizana bwino ndi ma synchro. Musaganize kuti 5 ndi wapamwamba kuposa 4 ngati makalasi a kusukulu. Ndi oyilo wa ntchito ziwiri zosiyana.

Amakaniko ambiri adaphunzira lamulo lakuti "GL-4 m'giyabokosi, GL-5 m'difu", ndipo lamuloli n'loona pa galimoto zochuluka. Lidabwera chifukwa sulufule wa mu GL-5 wakale ankadya mkuwa akatentha kwambiri, komanso chifukwa GL-5 wina amaterera moti synchro imalephera kugwira. Koma pa WRX lamuloli likhoza kukuphetsani difu yakutsogolo. Subaru imanena GL-5 75W-90 m'giyabokosi zimenezi, chifukwa crown ndi pinion zili momwemo. Mukathira GL-4 magiya akhoza kumalowa mofewa bwino m'masabata oyamba, inu n'kumasangalala, pamene mano a difu akutha mwakachetechete. Mudzadziwa tsiku limene kulira kwa wiii kudzayambe kumveka pansi pa dashibodi.

Choncho m'giyabokosi ya WRX fufuzani oyilo wa GL-5 amene wopanga wake wanena poyera kuti ndi woyenera magiya okhala ndi synchro. Mabotolo ena amalemba GL-4/GL-5 pamodzi. Motul Gear 300 75W-90 ndi mmodzi mwa otere. Red Line ali ndi wotchedwa 75W90NS, amene ndi GL-5 wopanda mankhwala owonjezera kuterera, pamene MT-90 wa kampani yomweyo ndi GL-4, ndipo malo ake si muno. Subaru nayonso imagulitsa oyilo wa dzina lake. Ndatchula amenewa kuti muone kusiyana kwa zilembo, osati kuti ndi okhawo.

Mawu ochepa kwa eni galimoto zina. Giyabokosi zambiri za BMW zili ndi kachikwangwani komatidwa pathupi pake kotchula oyilo, monga MTF-LT-2 kapena MTF-LT-3. Honda imafuna MTF (oyilo wa giyabokosi ya pamanja) wakewake, amene ndi wopyapyala kuposa 75W-90. Giyabokosi ya Tremec T-56 ya m'galimoto za ku America, ngakhale ndi ya pamanja, imamwa ATF, oyilo wa giyabokosi za otomatiki. Ndipo DSG, giyabokosi yosintha yokha ya magiya 6 ya mu Golf GTI, imene makilatchi ake amakhala m'kati mwa oyilo, imafuna oyilo wa DSG yekha, kusinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yake. Oyilo wa magiya wamba asayandikire kumeneko.

Chachitatu: kukhuthala

Manambala a 75W-90 amachokera ku muyezo wa bungwe la SAE wotchedwa J306. Nambala yokhala ndi W imanena za kayendedwe ka oyilo akazizira, ndipo inayo imanena za kukhuthala kwake pa madigiri 100. Oyilo wa 75W amamuyesa pa madigiri 40 pansi pa ziro, wa 80W pa 26, ndipo wa 85W pa 12 pansi pa ziro. Wa 90 kukhuthala kwake kumakhala pakati pa 13.5 ndi 18.5 cSt (muyezo wa kukhuthala), pamene wa 140 amayambira pa 24.

Manambalawa musawayerekeze ndi a oyilo wa mu injini, chifukwa miyezo yake ndi iwiri. Oyilo wa magiya wa 90 kukhuthala kwake n'kofanana ndi wa injini wa 40 kapena 50. Zimenezi sizikutanthauza kuti wina angalowe m'malo mwa mnzake, popeza mankhwala ake ndi osiyana.

Wina anena kuti kuno kulibe chipale, nanga 75W ndi wa chiyani? Yendetsani WRX m'mawa wa mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu muli 85W-140 m'giyabokosi, mumve mmene giya yachiwiri ikanire mpaka mutayenda mtunda. Komanso oyilo wa 75W-90 kawirikawiri amakhala wa synthetic (wopangidwa mwaukadaulo), amene amapirira kutentha nthawi yaitali osapsa, pamene 80W-90 wambiri ndi wa mineral (wongoyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi). Kwa galimoto imene imakwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu October, kapena chitunda cha Chiweta itanyamula anthu ndi katundu, kupirira kutentha ndi kumene mukulipira.

Pali chizolowezi chimene ndimadana nacho, chothira oyilo wokhuthala ngati phala kuti difu yolira ikhale chete. Phokoso limachepadi pang'ono, koma beyaring'i yakutha siichira, ndipo oyilo wokhuthala amadzetsa kutentha kwina chifukwa magiya amavutika kumuvundula. Wa 75W-140 ali ndi malo ake, m'difu yakumbuyo ya galimoto imene imapita kumpikisano n'kumathamanga nthawi yaitali osapuma, kapena pamene wopanga LSD wanena choncho. Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku, ngakhale mumaiponda, khalani pa 75W-90.

Chachinayi: difu yakumbuyo ndi yamtundu wanji?

Apa musadalire chaka chokha cha galimoto. Subaru idaika madifu osiyanasiyana malinga ndi chaka komanso dziko limene galimoto inkapita, ndipo galimoto zambiri za ku Japan eni ake oyamba adazisintha ziwalo. Mukhoza kugula WRX yooneka wamba koma kumbuyo kuli LSD ya kampani ya Cusco kapena KAAZ.

Mitundu yake ndi inayi. Difu wamba imangofuna GL-5. Ya viscous ili ndi kabokosi kotsekeka komwe muli madzi akeake a silikoni amene sasakanikirana ndi oyilo, choncho nayonso imangofuna GL-5. Ya Torsen kapena helical imagwira ndi magiya okhaokha, ndipo GL-5 wamba amaikwanira. Yovuta ndi ya mapuleti. M'kati mwake muli timapuleti tosanjikizana ngati kilatchi, ndipo pokhota pang'onopang'ono timayenera kutsetserekana mwaulemu. Oyilo akakhala wopanda mankhwala oterereketsa, mapuletiwa amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo mumamva gu-gu-gu kumbuyo mukamakhota pamalo oimika galimoto. Difu yotere imafuna oyilo wolembedwa LS kapena LSD.

Kuti mudziwe, tchingani matayala akutsogolo, kwezani akumbuyo onse awiri, ikani galimoto pa masitandi, tsitsani handibuleki, kenako zungulizani tayala limodzi ndi manja. Linalo likazungulira mbali yomweyo, muli ndi ya mapuleti kapena ya viscous. Likazungulira mobwerera, ndi difu wamba kapena Torsen, chifukwa Torsen ikakhala m'malere imachita ngati wamba. Kusiyanitsa ya mapuleti ndi ya viscous kumafuna nambala ya chasisi, kapena kutsegula chivundikiro chakumbuyo n'kuona ndi maso. Ngati LSD ndi yoikidwa pambuyo, tsatani zimene wopanga wake adanena. Kampani ya OS Giken, mwachitsanzo, ili ndi oyilo wake wa 80W-250, amene simungamuganizire n'komwe mutangoyang'ana buku la Subaru.

Tsono chenjerani ndi msampha uwu. Mwagula malita asanu a oyilo wa LS chifukwa cha difu, ndiye mukuti wotsalayo alowe m'giyabokosi. Musatero. Mankhwala omwe aja amene amathandiza mapuleti kutsetsereka amachititsanso synchro kutsetsereka. Oyilo wa LS akhale kumbuyo, ndipo m'giyabokosi mulowe wopanda LS, ngakhale onse awiri alembedwa GL-5 75W-90. Ine ndidaona galimoto imene idatsala pang'ono kutsitsidwa giyabokosi chifukwa cha kukwerera kwa giya yachitatu, koma vuto lidachepa kwambiri atangochotsa oyilo wa LS n'kuthira woyenera.

Chachisanu: kugula

Giyabokosi ya magiya 5 ya WRX imamwa pafupifupi malita 3.5, ndipo ya magiya 6 ya STI pafupifupi 4.1. Difu yakumbuyo ya mtundu wa R160 imamwa pafupifupi 0.8, pamene R180 ya STI imamwa lita imodzi. Gulani woposerako pang'ono chifukwa wina amatsalira m'paipi ndi m'pampu. Gulaninso mawashala atsopano a bawuti yotsitsira oyilo.

Oyilo wopungulidwa m'mgolo n'kuikidwa m'botolo la madzi musamugule, ngakhale wogulitsa alumbire. Simungadziwe GL yake ndi maso kapena ndi chala. Botolo likhale losatsegulapo, ndipo zilembo za API ndi SAE zioneke bwino. Mukapereka galimoto kugalaja, pitani ndi oyilo wanu ndipo muuze makaniko botolo liti lipita kuti. Palibe chamwano pamenepo.

Chachisanu ndi chimodzi: kusintha

Yendetsani galimoto kwa mphindi 10 kapena 15 kuti oyilo afunde. Wofunda amatsika msanga ndipo amatenga zinyalala zimene zikadakhala pansi. Kenako ikani galimoto pamalo osapendekeka. Ngati mulibe dzenje, kwezani mbali zonse zinayi mofanana n'kuika pa masitandi. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke.

Yambani ndi difu yakumbuyo. Pachivundikiro chake pali mabawuti awiri, yapamwamba yothirira ndi yapansi yotsitsira, ndipo pa WRX zambiri zimamasulidwa ndi mutu wa makona anayi wa theka la inchi. Masulani yapamwamba kaye, nthawi zonse. Mukayamba ndi yapansi, oyilo yense n'kutuluka, kenako yapamwamba n'kukana chifukwa cha dzimbiri, mwakhala ndi galimoto yosayenda ndi difu youma. Yapamwamba ikamasuka, ikani beseni, masulani yapansi, ndipo musiye oyilo adonthe mpaka atha.

Bawuti yapansiyo ili ndi maginito. Iyang'aneni bwino musanaipukute, chifukwa ndi imene ikuuzeni za thanzi la difu. Kamatope kakuda kofewa, konga mwaye wonyowa, n'kachibadwa. Tizidutswa tachitsulo tolasa chala tikusonyeza kuti dzino kapena beyaring'i ikusweka, ndipo oyilo watsopano sakonza zimenezo. Ipukuteni, bwezeretsani, kenako popani oyilo kudzera pabowo lapamwamba mpaka ayambe kutuluka pabowopo. Dikirani kudontha kuchepe, tsekani. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi buku, chifukwa chivundikirocho ndi cha aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwasuka.

Pa giyabokosi, tsimikizani kuti bawuti imene mwagwira ndi ya giyabokosi osati ya sampu ya injini. Ziwirizi sizili motalikirana kwenikweni, ndipo anthu asokonezapo. Pa WRX za zaka zambiri bawuti ya giyabokosi imafuna sipanala ya mutu wonga nyenyezi yotchedwa Torx T70. Pezani chida chenichenicho, musaikhome ndi tchizulo. Oyilo akamatsika muunikeni ndi tochi. Kunyezimira kwachikasu ngati fumbi la golide ndi mkuwa wa ma synchro. Pang'ono sikodetsa nkhawa pa galimoto yakale, koma kukachuluka dziwani kuti ma synchro ali kumapeto.

WRX zakalezi zili ndi dipisitiki ya giyabokosi kumbuyo kwa injini, pansi pa intercooler (chitsulo choziziritsa mpweya chimene chili pamwamba pa injini) chapambali, ndipo oyilo amalowera pabowo lake lomwelo. Gwiritsani ntchito fanelo yokhala ndi paipi yaitali, ndipo pukutani malo ozungulira bowolo kaye kuti mchenga usagweremo. Thirani pang'onopang'ono chifukwa oyilo wa magiya satsika msanga. Mukatsala ndi theka la lita, imani, yesani ndi dipisitiki, kenako onjezerani mpaka afike pachizindikiro chapamwamba. Musadzazitse. Oyilo wochuluka amachita thovu ndipo amakankha masilo.

Amene muli ndi Subaru ya otomatiki, zanu ndi zina. Kumeneko difu yakutsogolo ili ndi chipinda chakechake cha oyilo wa magiya, ndipo ATF ali kwake. Kuthira GL-5 m'bowo la ATF kumawononga giyabokosi yonse.

Chachisanu ndi chiwiri: mvetserani galimoto

Yendani pang'onopang'ono makilomita angapo, mukulowa giya iliyonse. Ngati difu ndi ya mapuleti, pezani bwalo lopanda anthu n'kuzungulira mokhota uku ndi uku kangapo kuti oyilo alowe pakati pa mapuleti. Mukabwerako yang'anani pansi ngati pali kudontha, ndipo muyang'anenso m'mawa mwake. Kalowedwe ka magiya musakaweruze tsiku lomwelo. Perekani masiku angapo kuti oyilo wakale wotsalira pa ma synchro achoke.

Ngati galimoto ikupitiriza kumangika kapena kugunda pokhota pang'onopang'ono, musafulumire kuloza chala oyilo. Yang'anani matayala. Subaru imayendetsa matayala onse anayi, ndipo imafuna kuti onse akhale a saizi imodzi ndi kutha kofanana. Tayala limodzi latsopano pakati pa atatu akutha limachititsa difu yapakati, imene imagawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, kugwira ntchito mosalekeza ngakhale pamsewu wowongoka, ndipo viscous ya m'difu yapakati ya WRX ikapsa ndi zimenezi palibe oyilo angaibwezere.

Za nthawi yosinthira, maganizo anga ndi akuti makilomita 40,000 mpaka 50,000 ndi okwana pa galimoto yoyenda bwinobwino, ndipo theka lake kwa amene mumaiponda kwambiri kapena muli ndi LSD ya mapuleti, chifukwa mapuletiwo amadetsa oyilo msanga. Galimoto imene mwangoilandira kumene kuchokera kudoko isintheni nthawi yomweyo, osadikira makilomita.

Nyengo ya dzinja ili ndi lamulo lake. Difu ili ndi kabowo kopumira pamwamba pake. Ikakhala yotentha n'kumira mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umakhwinyata ndipo madzi amakokedwera m'kati kudzera pakabowoko kapena m'masilo. WRX ndi yaifupi, choncho madzi ofika pakati pa tayala afika kale pa difu. Mukawoloka madzi otere, masulani bawuti yapamwamba tsiku lomwelo kapena lotsatira, pisani chala muone. Oyilo akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Mutsitseni, thirani wotsika mtengo wa GL-5, yendani makilomita ochepa, mutsitsenso ameneyo, kenako thirani oyilo wanu weniweni.